Mkazi Mnzanga Wamchenga

Amuna anga salankhula. Lilime ali nalo, ndinalionapo tsiku lina akunyambita sitampa, kungoti mawu amawasunga ngati mbale za alendo. Ntchito yawo ndi yosula makiyi m'kakontena kena pafupi ndi msika. Kasitomala akabwera amangoonetsa loko, iwo n'kugwedeza mutu, makina n'kulira, malonda atha. Ine ndiye pakamwa sipauma. Amayi anga ankati ndinabadwa ndikupitiriza nkhani imene ndinaiyamba ndili m'mimba.

Anthu ankadabwa kuti banja lotere likuyenda bwanji. Linkayenda pa njinga yamoto. M'mawa uliwonse amuna anga ankanditula ku ofesi ya kampani ya madzi, kumene ndinkakhala pawindo kulandira madandaulo, ndipo madzulo ankadzanditenga. Ndikangokhala kumbuyo kwawo, chibwano changa paphewa pawo, nkhani zonse zinkatuluka zokha: za mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa kutali, za denga lodontha, za mutu wanga, za abale awo osayamika. Iwo ankayankha ndi njinga. Akavomereza ankaonjezera moto pang'ono. Akakana ankaponda buleki. Nkhani ikawakhudza ankadutsa pa dzenje mosamala ngati anyamula mazira. Tikafika kunyumba aliyense ankavula chisoti chake, zokamba n'kuthera pomwepo, ndipo palibe ankadandaula.

Chinthu china chimene ndinkawakondera n'chakuti sananenepo kuti ndanenepa. Zaka zonsezi thupi lakhala likubwera, koma iwo pakamwa chete. Ankangotenga sipanala.

Kwa osadziwa njinga yamoto, tayala lakutsogolo limagwiridwa ndi mapaipi awiri onyezimira, mafoloko, ndipo mapaipiwo amapanidwa ndi mabawuti pansi pa mahandulo. Munthu wolemera akakhala kumbuyo, njinga imakhala pansi kumbuyoko n'kudzutsa mphuno, ndiye pokhota imauma khosi. Mankhwala ake ndi kumasula mabawuti aja n'kutsitsa mutu wa njinga pang'ono, mitu ya mafoloko n'kutulukira pamwamba. Izi sanandiuze ndi iwo, ndinaziona ndekha. Ndikabwera kutchuthi n'kuwapeza atagwada pakhonde sipanala ili m'manja, ndinkadziwa kuti ndachitanso bwino. Anzanga ankakwera sikelo kuchipatala, ine ndinkangoyang'ana kuti mitu ya mafoloko yatuluka motani. Inali itatuluka ndithu, sindikana.

Kenako kuntchito anandichotsa pawindo. Anati ndimayankha makasitomala motalika kuposa madandaulo awo, ndiye ndizikawerenga mamita m'makomo mwa anthu, chifukwa mita siyankha. Anandiphunzitsa kuyendetsa n'kundipatsa kanjinga kamoto kanga, kofiira, kakang'ono, kolira ngati makina osokera. Ndinasangalala zedi. Tsiku limene ndinalowa nako pageti ndinaliza hutala mpaka agalu a mumsewu wathu onse analankhulapo.

"Bambo, mwapuma!" ndinawauza amuna anga. "Kuyambira mawa simuzivutikanso ndi kunditula."

Anakayang'ana kanjingako kutsogolo, anakayang'ana kumbuyo, anakatsina tayala.

"Chabwino," anatero.

Mavuto anayamba ndi njinga yawo. Popeza inazolowera kulemera kwanga, tsopano kumbuyo kunapepuka, mphuno inaloza pansi, ndipo inayamba kugwedeza mutu paliponse. Tsiku lina amuna anga anabwera masamba a mpanda wa eni ake ali m'kolala. Tsiku lina anabwera chigongono chitasupuka. Tsiku linanso anabwera ndi chikwangwani cha malo ometera tsitsi chitakola pa galasi, iwo osadziwa.

"Bambo, kwezani mutu wa njingayo ubwerere m'malo mwake. Sipanala muli nayo, manja muli nawo. Mufuna mufe chifukwa cha mabawuti?"

Anangomwa tiyi wawo.

Koma vuto lalikulu linali m'nyumba. Nkhani zinkandidzadza pakhosi, malo ozikambira panalibe. Ndinayesa kuwayankhula pabalaza, maso ndi maso, ngati mmene amachitira anthu ena. Nditangoti "Bambo," iwo anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, tonse manyazi n'kutigwira ngati tapezana kubafa. Ndinafunsa nthawi, wotchi ili pakhoma pomwepo. Tsiku lina akudya ndinakokera mpando kumbuyo kwawo, n'kuika chibwano paphewa pawo, n'kufuula m'khutu monga ndinazolowera pamsewu. Kapu inagwa, iwo anathamangira panja kukaona ngati kukuyaka moto.

Ndinayamba kuchita mantha. Mabanja a anzanga amatha ndi phokoso, mbale kuuluka, anthu kudzaleretsa. Lathu linkatha mwaulemu, aliyense akupatsira mnzake shuga. Tinkatuluka pageti limodzi, iwo kumanzere, ine kumanja, ndipo ndinkapezeka ndikukambira mita ya madzi za denga lodontha.

Pafupi ndi nyumba yathu pali saluni, ndipo mwini wake timangomutchula kuti a Wailesi. Loweruka lina akundiluka tsitsi anatsitsa mawu, kutanthauza kuti anthu a kutsidya kwa msewu okha ndiwo sanamve.

"Asisi, ine sindikonda za eni, mukundidziwa. Koma abambo akwanu akukweza munthu."

"Munthu wanji?"

"Mzimayi. Wathupi ngati inu nomwe. Amakamutenga kuseri kwa hadiweya uko mukangochoka. Koma ndi waulemu, asisi, zimenezo tisamunamizire. Sayang'ana uku ndi uku. Dzana ndinamupatsa moni, sanayankhe, koma mumaona kuti ndi munthu woleredwa."

Tsitsi linalukidwa theka, theka linalo ndinalikulunga mumpango. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye ndinati ndikaone ndekha.

Lolemba ndinatuluka ngati ndikupita kuntchito, n'kubisala ndi kanjinga kanga kuseri kwa lole yoima. Posakhalitsa amuna anga anadutsa, ndipo kumbuyo kwawo kunalidi mzimayi. Anavala chisoti changa chakale, chija chong'aluka pagalasi. Anavalanso jekete langa lamvula. Anakhala mmene ndinkakhalira ine, atatsamira msana wawo, ndipo njinga inkayenda mwaulemu, osagwedeza mutu ngakhale pang'ono. Pa dzenje lija la pafupi ndi sitolo ya matayala, amuna anga anadutsa mosamala ngati anyamula mazira. Pamenepo ndiye mtima unandipweteka kwenikweni.

Ndinawapeza pa maloboti. Ndinaimika kanjinga kanga pambali pawo n'kutsegula galasi la chisoti.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" ndinafunsa.

Mzimayiyo chete.

"Ndikunena inu. Jeketelo likukukwanani bwino?"

Chete. Amuna anga ankangoyang'ana kutsogolo, khosi litauma. Ndinatambasula dzanja n'kumukankha paphewa mayiyo, ndipo chala changa chinalowa. Ndinakweza chisoti. Munalibe mutu. Munali mfundo ya thumba, yomangidwa bwinobwino ndi waya wa makiyi. Mkazi mnzanga anali thumba la mchenga.

Maloboti anasintha, magalimoto anayamba kutiimbira mahutala, koma ine ndinali ndisanamalize. Ndinapapasa m'munsi mwa jekete n'kupeza chinthu cholimba.

"Ichi n'chiyani?"

"Njerwa," anatero amuna anga.

"Njerwa yachiyani?"

"Mchenga unaperewera."

Munthu wina akanaseka n'kuiwala. Ine ndinaseka, inde, mpaka misozi, koma pofika madzulo kuseka kunali kutatha. Popeza chinsinsi chinali chitaululika, amuna anga anasiya kulisiya thumba lija kuhadiweya, anayamba kubwera nalo kunyumba. Ankati mchenga ukanyowa umalemera, njinga imasokonezeka, ndiye mvula ikachita mdima ankalinyamula ngati mkwatibwi n'kulikhazika pabalaza. Mpando umene unalikwana unali wanga. Ine ndinkakhala pa situlu.

Msewu wathu unalilandira bwino thumbalo. Wogulitsa nyuzipepala ankalivulira chipewa. Wapolisi wina wapamsewu analiyamikira kuti ndi pasinjala yekhayo amene amavala chisoti popanda kukangana. A Wailesi, ngakhale anamva zoona zake, sanasinthe maganizo. "Kaya ndi mchenga kaya n'chiyani, asisi, koma khalidwe ali nalo." Tsiku lina ndinapeza amuna anga akulisoka pamene linayamba kuthothoka, ndi ulusi wabwino, pamene batani la diresi langa linakhala likulendewera mwezi wathunthu iwo osaliona.

Nsanje ndi nsanje basi, sifunsa kuti mnzakoyo ali ndi magazi kapena ayi. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti awiriwo ankagwirizana. Iwo salankhula, ilo sililankhula. Ndinayamba kuganiza kuti mwina zaka zonsezi amuna anga sankafuna nkhani zanga, ankangofuna kulemera kwanga.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lamlungu masana, iwo akutsuka njinga, ndinalikoka thumba lija kulitulutsa panja, ndinatenga mpeni wa buledi n'kulitumbula. Mchenga unakhuthukira m'maluwa. Njerwa inagwa payokha n'kugubuduka mpaka pamapazi awo.

"Tamverani, Bambo," ndinatero, mpeni udakali m'manja. "Ine ndili ndi njinga yanga. Kumbuyo kwanuko sindidzakhalakonso, ndipo sikudzakhalanso munthu, kaya mchenga, kaya simenti, kaya chiyani. Kwezani mutu wa njingayo muziyenda nokha ngati mwamuna wamkulu. Mwamva?"

Anayang'ana mchenga, anayang'ana ine. Anatola njerwa ija n'kukaiika pambali pa mpanda. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sipanala.

Ndinaima pakhonde kuwaonerera. Anaika chitsa pansi pa injini, anamasula mabawuti mbali iyi ndi mbali iyo, mutu wa njinga n'kukwera pang'onopang'ono. Mitu ya mafoloko ija, imene inatuluka chaka ndi chaka pamodzi ndi thupi langa, inamira yonse mpaka inafanana ndi chitsulo. Anamanga mabawuti, anapukuta manja, anakwera n'kuzungulira msewu wathu. Njinga inayenda bwino kwambiri. Sinagwedeze mutu, sinakhumbe mpanda wa munthu. Inayenda ngati sinanyamulepo mkazi chiipangireni.

Ndinapambana mlandu, koma ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asamve kuti ndikulira. Ine wa kampani ya madzi, kutaya madzi chonchija.

Sabata imeneyo m'nyumba munali zii. Ngakhale "chabwino" uja anasowa. Iwo ankabwera opanda tsamba ndi limodzi lomwe m'kolala, ine n'kumakhumba atagweranso mumpanda kuti tipeze poyambira.

Lachisanu m'mawa nditatuluka kubafa ndinawapeza ataima pageti, chisoti chili kumutu, chikwama cha makiyi chili paphewa. Njinga yawo inali pakhonde, yofunditsidwa pulasitiki. Ndinaganiza kuti yawonongeka ndipo akudikira mnzawo wina adzawatenge. Kufunsa sindinafunse, mkwiyo unali usanathe. Ndinaliza kanjinga kanga, iwo ananditsegulira geti, ine ndinadutsa.

Ndisanafike ndi pakona pomwe, kanjinga kanayamba misala. Ndikati ndikhote pang'ono, iko kankakhota konse. Ndikayetsemula, kankasintha msewu. Pa dzenje la kusitolo ya matayala mahandulo anagwedezeka mpaka mano anga anaombana, ndipo ndinakaima m'kati mwa mulu wa matayala akale, mwini sitolo akundifunsa kuti ndikufuna saizi yanji. Ndinakafika kuntchito ndikukankha.

Kugalaja ya kuntchito kwathu kuli makaniko wina amene timamutchula kuti a Girisi, chifukwa ngakhale pa chithunzi cha ukwati wawo ali ndi girisi pachipumi. Anakazungulira kanjingako, anagwada, anaimba mluzu.

"Mayi, mwayamba kunyamula mafiriji?"

"Mafiriji ati?"

"Nanga izi?" Analoza pansi pa mahandulo. Mitu ya mafoloko inali itatulukira pamwamba, yaitali ngati makandulo. "Wina watsitsa mutu wa njingayi dala. Ndipo ndi munthu wa manja abwino, taonani, mbali zonse n'zofanana, bawuti ndi limodzi lomwe silinakalike. Ameneyu amakukondani kapena akufuna kukuphani."

"Akufuna kundipha," ndinatero. "Ndinamuphera mkazi wake."

A Girisi anandiyang'ana, anaona kuti nkhaniyo ndi yaitali, anaisiya.

"Kupha ayi. Njinga yotere siyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Yakonzedwa kuti kumbuyoku kukhale munthu, ndipo osati kamunthu. Chimunthu. Wamapewa, wolemera m'munsi, mwina ndi chikwama cha zitsulo. Ndibwezere mmene inalili?"

Anali atagwira kale sipanala. Ine m'maso mwanga munabwera geti lathu, ndi munthu ataima pamenepo chisoti chili kumutu, chikwama paphewa, njinga yake atafunditsa pulasitiki ngati sakuifunanso.

"Musakhudze," ndinatero.

"Ndiye mubwerera nayo bwanji?"

Tinayang'anayang'ana m'galajamo. Pamapeto pake a Girisi anandimangirira batire ya lole ndi theka la giyabokosi kumbuyo, ndipo ndinabwerera kunyumba bwinobwino, anthu akundipatsa njira.

Dzuwa linali litakwera ndithu, koma amuna anga anali pomwe ndinawasiya. Chisoti sanavule. Thukuta linkatsika m'khosi, ndipo a Wailesi anali atawabweretsera mpando umene iwo sanaukhalire. Atandiona anayang'ana batire ndi giyabokosi zija, n'kundiyang'ana ine.

"Musandiyang'ane choncho," ndinatero. "Izi ndangokumana nazo panjira. Tsitsani."

Anamasula zingwe, anatsitsa zitsulozo n'kuziika pambali pa geti. Kenako anaima, manja ali lende.

"Nanga mukudikira kalata? Kwerani."

Amuna anga ndi aakulu thupi, ndipo kanjinga kanga ndi ka mamita a madzi. Atakhala, kanalira ngati kapondedwa, mawondo awo anatulukira uku ndi uku, chikwama cha makiyi chikulendewera kumbuyo. A Wailesi anatuluka ndi makasitomala awo onse, ena mankhwala ali kumutu. Koma titangonyamuka, kanjinga kanakhazikika. Pakona kanakhota mofatsa ngati kakudziwa kumene tikupita.

Tinadutsa hadiweya. Ine pakamwa panali patauma, kwa nthawi yoyamba chibadwire. Woyendetsa amayang'ana msewu, ndinazindikira tsiku limenelo, ndipo mawu sabwera msewu uli m'maso. Ndiye ndinamva chibwano chawo chikutera paphewa panga, zisoti zathu n'kugundana.

"Mayi," anatero m'khutu mwanga.

Ndinaonjezera moto pang'ono.

"Makatani obiriwira aja anali abwino. Aja munafunsa tili m'nyumba yakale."

Nyumba yakale tinasamukamo mwana wathu asanayambe sukulu. Makataniwo anatha kalekale, tinapukutira pansi.

"Ndipo tsiku lija munafunsa ngati ndinakwiya kuti munawotcha malaya anga ndi simbi. Sindinakwiye. Ankandithina."

Woyendetsa basi anatiimbira hutala, ine ndinakhotera kumbali osadziwa kuti ndakhota bwanji. Iwo anapitiriza. Ankayankha motsatana, kuyambira kumayambiriro, funso lililonse limene ndinawaponyera m'khutu zaka zonse zija. Inde, mlongo wawo analakwa pa nkhani ya wailesi ya malemu bambo awo. Ayi, tsitsi lalifupi silinandikhale, koma anaopa kunena. Mphaka wathu uja sanathawe, anamupereka kwa kasitomala chifukwa ankawayetsemulitsa. Mawu awo anali okhakhala ngati geti losatsegulidwa kawirikawiri, ndipo ena ankapita ndi mphepo, koma sanasiye.

Pa maloboti anapuma. Ndinaganiza kuti amaliza. Kenako anakhosomola.

"Chaka chija tinataya mwana wachiwiri asanabadwe, tikuchokera kuchipatala, munafunsa ngati inenso zikundiwawa."

Ndinkakumbuka. Tsiku limenelo sanaonjezere moto, sanaponde buleki. Anangoyendetsa mpaka kunyumba, ndipo ine ndinasunga zimenezo mumtima zaka zonsezi, osafunsanso.

"Sindinkaona msewu, mayi," anatero. "Misozi inadzaza m'chisoti. Ndinkaopa kuti ndikagwedeza chilichonse ndikugwetsani."

Maloboti anasintha. Galimoto za kumbuyo zinayamba phokoso, wina anatulutsa mutu pawindo n'kutitukwana. Ine ndinakweza galasi la chisoti, ndinapukuta m'maso ndi msana wa dzanja, n'kulowetsa giya.

Kakontena kawo ka makiyi kanaonekera kumanzere, kasitomala mmodzi ataima pakhomo ndi loko m'manja. Amuna anga anali atangofika pa mafunso a chaka chimene mwana wathu anayamba sekondale. Sindinaime.